MILONGOTI YOLONDOLA NJIRA INAGWA, KOMA MBONI IMODZI SIKWANA

Pa 8 Febuluwale 2010 Boma la America linazimitsa masiteshoni ake ambiri a wailesi otchedwa Loran-C, amene kwa zaka zoposa 50 anali kuuza amalinyero ndi oyendetsa ndege malo pamene afika, kaya ndi usiku, kaya ndi m'nkhungu, kaya ndi pakati pa namondwe. Mu Epulo chaka chomwecho mlongoti wa ku Port Clarence, m'chigawo chozizira cha Alaska, wotalika mapazi 1,350, unagwetsedwa ndi mabomba, nusanduka mulu wa zitsulo zopindika.

Anthu ambiri kuno kwathu sanamve za nkhani imeneyi, ndipo palibe wowadzudzula, pakuti dziko lathu liribe doko pa nyanja ya mchere. Koma mafuta, feteleza ndi mankhwala zimene tigwiritsa nchito zimadza pa zombo kufikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban; ndege zimatera pa Chileka ndi pa Lumbadzi; ndipo lamya imene kalaliki kapena mphunzitsi amayenda nayo m'thumba imadalira chinthu chomwecho chimene chinalowa m'malo mwa milongoti ija. Nchifukwa chake pepala lino laona kuti nkwabwino kulongosola mbiri ya nkhaniyi ndi kunenapo maganizo ake. Maganizowo ndi awa: maboma amene anatseka masiteshoni akale anawerenga bwino ndalama, koma sanawerenge bwino ngozi. Anasiya dziko lonse la pansi liri kumvera mboni imodzi, chonsecho mfumu iri yonse yanzeru idziwa kuti mlandu suweruzidwa pa mau a mboni imodzi.

M'MENE ZINALIRI POYAMBA

Wailesi isanadze, mmalinyero amene wataya gombe m'maso anali ndi kampasi, wotchi, ndi chipangizo choyezera m'mene dzuwa kapena nyenyezi zakwerera. Kumwamba kukayera iye amayeza, nawerengera, nalemba kadontho pa mapu. Mitambo ikaphimba masiku atatu kapena anai, chimene chimamtsalira ndi masamu okha: ndayenda maora akuti, pa liwiro lakuti, kulunjika kwakuti, ndiye kuti ndiri apa. Koma mphepo ndi mafunde zimakankha chombo mwakachetechete, ndipo kulakwa kwa lero kumaonjezera pa kulakwa kwa dzulo. Oyendetsa ndege oyamba anali pa mabvuto oposa pamenepa, kotero kuti ambiri amangotsata njanji kapena mtsinje, ndipo nkhungu ikagwa amatera pamene apeza.

Thandizo loyamba la wailesi linali lapafupi. Siteshoni ya pa mtunda imalira kosaleka, ndipo wa pa chombo amatembenuza waya wake wozungulira kufikira atadziwa mbali kumene kulirako kuchokera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma la America linayamba kumanga masiteshoni otumiza zilembo ziwiri za Morse, A mbali ina ndi N mbali ina. Woyendetsa ndege akamva A kapena N m'makutu mwake amadziwa kuti wapatuka, koma akakhala pa njira yeniyeni zilembo ziwirizo zimalumikizana nkukhala liu limodzi losadukiza. Ku Germany kampani ya Lorenz inakonza njira yofanana nayo yothandiza ndege kutera m'nkhungu.

Pamene nkhondo ya Hitler inabuka, chida cha mtendere chija chinasanduka chida chophera. M'chaka cha 1940 Germany inalunjikitsa mizere iwiri ya wailesi kuti ikapingasane pamwamba pa mizinda ya Britain, ndipo ndege zoponya mabomba zimatsata mzere umodzi kufikira zitamva winawo. Katswiri wachinyamata, Bambo R. V. Jones, anatulukira chinsinsicho, ndipo Britain inayamba kutumiza phokoso ndi zizindikiro zonama kuti isokoneze adaniwo. Owerenga athu asunge mfundo imeneyi, pakuti tibwererakonso: kuyambira pa chiyambi penipeni zinadziwika kuti wailesi imene ilondola njira ikhoza kutsekedwa pakamwa, ikhozanso kunamizidwa.

FANIZO LA NG'OMA ZITATU

Nayonso Britain inali kusokera mu mdima. Mu Ogasiti 1941 akuluakulu a nkhondo atayesa zithunzi zojambulidwa ndi ndege zawo, anapeza kuti mwa ndege zitatu ziri zonse zimene zimati zaponya mabomba pa malo oyenera, imodzi yokha ndiyo imafika mkati mwa mailosi 5 kuchokera pa malopo. Yankho linachokera kwa Bambo Robert Dippy, amene anakonza njira yotchedwa Gee, imene inayamba kugwira nchito ya nkhondo mu Malichi 1942.

Anzathu aphunzitsi akhoza kulongosola nzeru ya Gee kwa ana a sukulu mwa fanizo iri. Tiyerekeze midzi iwiri yotalikirana, ndipo m'mudzi uli wonse muli munthu woimba ng'oma, awiriwo naimenya pa nthawi imodzimodzi. Mlendo amene wasokera m'thengo usiku akamva ng'oma ziwirizo pamodzi, adziwa kuti waima pa mzere wodutsa pakati penipeni pa midziyo. Akamva ya kum'mawa poyamba, ya kumadzulo nkutsatira, adziwa kuti wayandikira kum'mawa; ndipo akatha kuyeza kampata ka pakati pa kulira kuwiriko, adziwa mzere wokhota pamene iye ali. Mzere umodzi sumuuza malo enieni. Koma pakakhala mudzi wachitatu ndi ng'oma yachitatu, apeza mzere wachiwiri, ndipo pamene mizere iwiriyo yapingasana ndi pamene mapazi ake aponda.

M'malo mwa ng'oma tiikepo milongoti ya wailesi, ndipo m'malo mwa khutu tiikepo makina. Chobvuta nchakuti mafunde a wailesi amathamanga mailosi 186,000 pa sekondi imodzi. Tikagawa sekondi m'magawo 1,000,000, pa gawo limodzi lokha mafundewo amakhala atayenda pafupifupi mapazi 1,000. Kotero nchito yonse yolondola njira ndi wailesi inakhala nchito yosunga nthawi, ndipo iri choncho kufikira lero. Siteshoni imodzi imatsogola, zinzake nkumayankha pa nthawi yoikika, ndipo wolondola njira amawerenga kusiyana kwake pa makina ake, nafunafuna mizere ya manambala omwewo pa mapu osindikizidwa kale.

LORAN NDI DECCA

Gee imafika mailosi mazana atatu kapena anai, ndipo pa nyanja zazikulu pamafunika chinthu chofika patali. Ku America akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, mwa iwo Bambo Alfred Loomis ndi Bambo John Pierce, anakonza Loran, imene masiteshoni ake oyamba anayamba kulira mu 1942. Usana imafika mailosi 700, usiku nkuwirikiza kawiri, chifukwa usiku mafunde a wailesi amanjanja kuchokera m'mlengalenga. Inaperekeza zombo zonyamula chakudya ndi zida pa nyanja ya Atlantic, ndi ndege pa nyanja ya Pacific. Mu 1957 kunadza mtundu wake watsopano, Loran-C, wofika patali ndiponso wolondola bwino koposa. Msodzi amene walemba manambala a malo a nsomba amatha kubwererapo chaka chamawa osaphonya ndi mapazi oposa mazana awiri kapena atatu.

Ku Britain kampani ya Decca, imene anthu amaidziwa ndi mbale za galamafoni, inatenga nzeru ya Bambo W. J. O'Brien wa ku America nkuisandutsa chida. Chiyeso chake chinali choopsa. Usiku wa pa 5 Juni 1944, kucha kwake nkukhala tsiku limene asilikari a maiko ogwirizana anatsikira pa gombe la Normandy, zombo zina zochotsa mabomba a m'madzi zinatsogola mu mdima zikutsata Decca, kulambula njira zopapatiza zodzeramo zombo zinzake. Nkhondo itatha, mu 1946, Decca inatsegulidwa kwa anthu wamba. Siteshoni yotsogola imakhala ndi zinzake zitatu, yofiira, yobiriwira ndi yapepo, ndipo mapu amasindikizidwa ndi mizere ya mitundu itatu yomweyo. Asodzi a ku Britain, Norway ndi Japan anaikonda kwambiri, nalemba m'timabuku tawo manambala a malo a nsomba ndi a zombo zomira zimene zimang'amba makoka, ndipo timabukuto amatisunga monga chuma cha banja. Gombe la South Africa nalonso linali ndi masiteshoni a Decca, ndipo zombo zambiri zopita ku Durban ndi Cape Town zinalondoledwa nawo.

Tisaiwale anthu amene anasunga masiteshoni amenewa. Milongoti imamangidwa kumene masamu alamula, ngakhale kukhale pa kachisumbu kopanda mtengo kapena m'dziko la chisanu kumene dzuwa silituluka masabata ambiri. Anyamata amakhala kumeneko chaka chathunthu, kudyetsa injini mafuta ndi kuyang'anira wotchi usana ndi usiku, podziwa kuti akawodzera munthu wina amene sadzamuona konse akhoza kugunda thanthwe.

OMEGA NDI AFRICA

Ngakhale zinali choncho, mbali yaikulu ya dziko, makamaka nyanja za kumwera ndi Africa, inalibe masiteshoni otere. Kotero America inapangana ndi maiko ena asanu ndi limodzi kumanga njira imodzi yokwanira dziko lonse ndi masiteshoni 8 okha. Anaitcha Omega, dzina la chilembo chotsiriza cha Chigriki. Masiteshoniwo anali ku Norway, Liberia, Hawaii, North Dakota, La Réunion, Argentina, Australia ndi Japan. Yoyamba inatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo yotsiriza, ya ku Woodside m'dziko la Australia, inatha mu 1982. Iri yonse inali ndi mawotchi a atomu, ndipo zimalira mosinthanasinthana, dongosolo lake nkumabwereza pa masekondi 10 ali onse.

Awiri mwa masiteshoniwa anali mbali yathu ino. Ina inali pa chisumbu cha La Réunion m'nyanja ya India, kum'mawa kwa Madagascar. Inzake inali ku Paynesville pafupi ndi Monrovia, ndipo mlongoti wake wa mapazi oposa 1,300 unali chimodzi cha zomangidwa zazitali koposa mu Africa monse. Omega imatha kuphonya ndi mailosi awiri kufikira anai, koma kwa ndege yodutsa chipululu cha Sahara usiku, kapena chombo chozungulira nsonga ya Africa, zimenezo zinali zokwanira. Ngakhale oyeza nyengo amaigwiritsa nchito potsata mabaluni awo kuti adziwe liwiro la mphepo ya kumwamba.

ZOCHOKERA KUMWAMBA

Pamene mlongoti wotsiriza wa Omega unali kuimikidwa, wodzaulowa ufumu anali atabadwa kale. Mu 1964 asilikari a pa madzi a America anayamba kugwiritsa nchito masetilaiti otchedwa Transit, ndipo mu 1978 anaponya kumwamba setilaiti yoyamba ya GPS. Nzeru yake ndi ya ng'oma zija, kungoti ng'omazo tsopano ziri kuzungulira dziko pa mtunda wa mailosi 12,500. Setilaiti iri yonse imanyamula wotchi ya atomu, nilengeza kosaleka malo ake ndi nthawi yake, ndipo kachipangizo ka pansi pano kakamva masetilaiti anai kamawerengera malo pamene kali.

GPS inali ya asilikari. Koma pa 1 Sepitembala 1983 ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, yochokera ku Anchorage kupita ku Seoul, inasokera nkulowa m'malire a Soviet Union, niwomberedwa pafupi ndi chisumbu cha Sakhalin, ndipo anthu onse 269 anafa. Pulezidenti Ronald Reagan analonjeza kuti GPS ikadzatha idzaperekedwa kwa anthu onse. Inakwanira mu 1995 ndi masetilaiti 24, ndipo mu Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti asilikari aleke kusokoneza dala chizindikiro cha anthu wamba. Pa usiku umodzi kuphonya kunatsika kuchokera pa mapazi pafupifupi 300 kufika pa mapazi makumi ochepa. Russia inamanga yake, GLONASS. Maiko a ku Ulaya anatsegula Galileo mu 2016. China inatsiriza BeiDou mu 2020.

Milongoti inayamba kugwa umodziumodzi. Gee inali itatsekedwa kale mu 1970, ndipo America inaleka Loran yakale mu 1980. Omega inazimitsidwa pa 30 Sepitembala 1997, patangopita zaka 15 chitsirizire kumangidwa kwake, ndipo mlongoti wa ku Paynesville unagwetsedwa mu 2011. Decca ya ku Britain inatsekedwa pa 31 Malichi 2000, ndipo masiteshoni ake otsiriza, a ku Hokkaido m'dziko la Japan, analeka mu 2001. Loran-C ya America ndi Canada inatha mu 2010.

Tiyenera kunena chilungamo: amene analamula zimenezi sanali opusa. Chipangizo chophonya ndi mailosi anai sichingapikisane ndi chinzake chophonya ndi mapazi makumi atatu, cholowa m'thumba, ndiponso chosalipiritsa. Amalinyero eni ake ndiwo anayamba kuchotsa makina akale pa zombo zawo. Tsabola wakale sawawa, ndipo boma limene lisunga chinthu chiri chonse chifukwa chakuti chinathandiza makolo limaononga msonkho wa anthu osauka. Ife sitilira maliro a Omega, kapena a Gee. Zinagwira nchito yake, nthawi yake nikwana.

PAMENE ANALAKWA

Koma nkhani ya Loran-C njosiyana. Chizindikiro cha GPS chimachoka pa setilaiti ndi mphamvu yonga ya babu la magetsi la m'nyumba, ndipo pofika pansi pano chimakhala chofooka kwambiri, kotero kuti kachipangizo kotsika mtengo kakhoza kuchiphimba. Siteshoni ya Loran-C imalankhula ndi mphamvu yoposa pamenepo kambirimbiri, kuchokera pansi, pa mafunde a mtundu wina. Chimene chigonjetsa imodzi sichigonjetsa inzake. Imeneyi ndiyo mboni yachiwiri imene inafunika.

Chitsanzo chinaoneka GPS iri yatsopano. Pa 10 Juni 1995 chombo cha Royal Majesty, chochokera ku Bermuda kupita ku Boston ndi anthu oposa 1,500, chinatsakamira pa mchenga pafupi ndi chisumbu cha Nantucket, mailosi 17 kuchokera pa njira yake. Ofufuza anapeza kuti chingwe cha GPS chinazuka chombo chitangonyamuka, makinawo nayamba kungoyerekeza malo mwa masamu, ndipo oyendetsa anawakhulupirira kwa maora oposa 30. M'chipinda chomwecho munali makina a Loran-C amene akadaulula kulakwako, akadakhala kuti wina anafanizira ziwirizo mosamala. Mwamwai panalibe wakufa. Mboni yachiwiri inalipo, koma sinafunsidwe.

Boma la America linachenjezedwa. Mu 2001 lipoti la Unduna wake wa za Mtengatenga linati GPS ikhoza kusokonezedwa mosabvuta. Mu 2007 bungwe la akatswiri lotsogozedwa ndi Bambo Bradford Parkinson, yemwe anatsogolera kumangidwa kwa GPS yomweyo, linalangiza kuti Loran isungidwe ndi kukonzedwanso mwa mtundu watsopano wotchedwa eLoran, ndipo mu 2008 Boma linabvomera. Koma mu 2009 Boma latsopano la Pulezidenti Barack Obama, pofunafuna pochepetsa ndalama, linati Loran-C njachikale, ndi kuti kuitseka kudzapulumutsa madola 36 miliyoni pa chaka chimodzi ndi madola 190 miliyoni pa zaka zisanu. Kwa dziko longa America ndalama zimenezo nzochepa. Mau a akulu akoma akagonera.

Ku Ulaya kunachitika chinthu china chimene anchito a Boma ayenera kuchilingalira. Mu 2014 Britain inatsegula eLoran pa madoko asanu ndi awiri a kum'mawa kwake, kuyambira Dover kufikira Aberdeen. Koma fanizo lathu lija lifuna ng'oma zitatu, ndipo ng'oma zinazo zinali m'maiko a eni. Pamene Norway ndi France anazimitsa masiteshoni awo pa 31 Disembala 2015, siteshoni ya Britain ya ku Anthorn inatsala yokha, yotha kupereka nthawi koma yosatha kulondola njira. Dziko liri lonse linawerenga thumba lake lokha, ndipo chinthu chimene chinali cha onse chinafa.

ZIMENE ZINATSATIRA

Sipanapite nthawi yaitali. Kuyambira 2010 South Korea inayamba kudandaula kuti North Korea iri kuphimba GPS, ndipo mu 2012, kwa masiku 16, ndege zoposa 1,000 ndi zombo zoposa 250 zinasokonezeka. Ku America komweko, mu 2013, woyendetsa galimoto wina anauzidwa kuti alipire chindapusa cha madola pafupifupi 32,000 chifukwa kachipangizo kamene anaika m'galimoto kuti abwana ake asadziwe kumene iye ali kanasokoneza makina a pa bwalo la ndege la Newark. Pa 26 Januwale 2016, pamene anali kupumitsa setilaiti ina yakale, nthawi ya GPS inalakwika ndi magawo 13 mwa magawo 1,000,000 a sekondi, ndipo kulakwa kochepa chotere kunasokoneza makina a lamya m'maiko angapo ndi mawailesi ena a BBC kwa maora ambiri. Mu Julaye 2019 Galileo inaleka kugwira nchito pafupifupi sabata lathunthu.

Chitsanzo cha 2016 chisonyeza chinthu chimene ambiri sachidziwa. GPS yasanduka wotchi ya dziko lonse. Nsanja za lamya, mabanki ndi makina ogawa magetsi m'maiko ambiri amatenga nthawi yawo kuchokera kumwamba. Munthu amene sanakwerepo ndege, koma amalandira malipiro ake ku banki ndi kutumiza ndalama kwa amai ake kumudzi pa lamya, ali m'gulu la odalira masetilaiti. Mu 2017 akatswiri olembedwa nchito ndi Boma la Britain anawerengera kuti masetilaiti atakhala chete masiku asanu, dzikolo likhoza kutaya mapaundi oposa 5 biliyoni.

Mu Epulo 2024 kampani ya ndege ya Finnair inaleka kupita ku mzinda wa Tartu m'dziko la Estonia kwa mwezi wathunthu, chifukwa GPS inali kusokonezedwa m'dera limenelo, ndipo bwalo la ndege la kumeneko linalibe njira ina yotsitsira ndege. Maulendo anayambanso mu Juni, atakonza njira yodalira makina a pansi. Mzinda wa sukulu yaikulu ya ukachenjede unadikira chipangizo cha mtundu umene anthu amati wapita.

Tsopano ena ayamba kubwerera m'mbuyo. South Korea inalengeza mu 2013 kuti idzamanga eLoran. America inakhazikitsa lamulo mu 2018 lofuna njira ya pansi yosungira nthawi GPS ikalephera, ndipo mu 2023 Boma la Britain linaika eLoran m'ndondomeko yake. Russia ndi China, amene ali ndi masetilaiti awoawo, sanatsate America pa kugwetsa milongoti mu 2010. Koma kumanganso nkodula kuposa kusunga, pakuti malo ena anagulitsidwa, milongoti inadulidwa, ndipo amisiri amene amadziwa nchitoyo anabalalika.

Akuluakulu a za ndege ndiwo anachita mwanzeru. Masiteshoni awo a pansi otchedwa VOR, amene maiko anagwirizana kuwagwiritsa nchito mu 1949, anali pafupifupi 900 ku America. Mu 2016 anaganiza zowachepetsa kufika pafupifupi 600, kusiya okwanira kuti GPS ikazima, ndege iri yonse ipeze bwalo lotera mkati mwa mailosi 100. Anadula nthambi, nasiya tsinde. Umu ndi m'mene chinthu chakale chiyenera kupumitsidwira.

PHUNZIRO KWA IFE

Dziko lathu silinamangepo Loran kapena Decca, ndipo palibe amene akuti limange lero. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. M'maofesi a Boma muli zinthu zambiri zakale zimene makina atsopano afuna kuzilowa m'malo: mabuku a kaundula, mapu a pepala, zipilala za oyeza malo pamwamba pa mapiri, makina a pansi a pa mabwalo athu a ndege. Zina mwa izo ziyeneradi kupita. Koma mkulu wa Boma asanasaine chikalata chotaya chinthu, ayambe wafunsa amene akali kuchidalira, afunsenso chimene anthu adzagwira tsiku limene chatsopanocho chidzakana, ndipo ayerekeze mtengo wochisunga ndi mtengo wodzachimanganso. Akumbukire kuti masetilaiti ndi a maiko ena, ndipo mwini ng'oma akhoza kuleka kuimba osakupempha. Akumbukirenso za Anthorn: pa zinthu zodutsa malire, monga njira za ndege, chimene mnansi wazimitsa chimazima ndi kwa ife, kotero nkofunika kukambirana ndi maiko oyandikana nawo nthawi ikalipo.

Kwa aphunzitsi tinena izi. Mwana wa lero amayang'ana kadontho pa lamya nakhulupirira, monga anachitira amalinyero a Royal Majesty. Mphunzitseni kuwerenga mapu, kugwira kampasi, ndi kuwerengera mtunda kuchokera ku liwiro ndi nthawi. Mtulutseni pa bwalo, muimike anzake atatu ndi ng'oma, aone ndi maso ake kuti makina odabwitsawo ndi masamu a m'kalasi. Msodzi wa pa nyanja yathu amene amadziwa malo a chambo poyang'ana mapiri awiri a ku mtunda ali kuchita chimene Bambo Dippy anachita ndi wailesi, ndipo mwana amene wamvetsa zimenezi adzadziwa kufunsa makina funso pamene makinawo anama.

Pepala lino liyamikira nzeru zatsopano, ndipo lifuna kuti anthu athu azilandire ndi manja awiri. Chimene lipempha nchakuti pa chinthu chiri chonse chimene miyoyo ya anthu yatsamirapo, pakhale mboni yachiwiri, ndipo pakhalenso munthu wophunzitsidwa kuifunsa.